Chigwiriro cha mfuti ya .22: chimasintha chiyani, nanga munthu angachisankhe bwanji?

Tsiku lina madzulo ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, bambo wina wokonda masewero owombera chandamale anatulutsa foni yake n'kuonetsa anzake zithunzi za mfuti ziwiri zomwe anazipeza pa Facebook. Yoyamba inali yamtengo wofiirira wopakidwa vanishi, yofanana ndi zija alenje akale ankakoleka kuseri kwa chitseko, pamene yachiwiri inali yakuda bii, yodzala ndi zitsulo ndi timabowo, yokhala ndi chogwirira cha dzanja cholozera pansi ngati mfuti ya asilikali. Atafunsa kuti yoopsa kwambiri ndi iti, onse analoza yakudayo mosazengereza. Komatu zithunzi zonse ziwiri zinali za mfuti ya mtundu umodzi, Ruger 10/22, yolowa zipolopolo zofanana ndiponso yoponya mtunda wofanana. Chomwe chinasiyana ndi gawo lija lomwe munthu amaligwira ndi manja n'kulitsamiritsa paphewa.

Kuno ku Tete yankho lotere silodabwitsa. Anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde anaona nkhondo yomwe inatha ndi mgwirizano wa mtendere wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri atathawira kale ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, choncho maso awo anazolowera kuyesa kuopsa kwa mfuti poona maonekedwe ake. Gawo limene tikunenali ogulitsa a Chingerezi amalitchula kuti stock, a Chipwitikizi amati coronha, ndipo ife tikamati thako la mfuti timanena mbali yake yakumbuyo yokha. Pano tilitchula kuti chigwiriro, kutanthauza chonsecho kuyambira paphewa mpaka pomwe dzanja lakutsogolo limagwira. Pali makampani omwe ntchito yawo ndi kupanga zigwiriro zoti mwini mfuti achotse chimene chinabwera ndi mfuti yake n'kuikapo china, ndipo amene akufuna kutero amakumana ndi mawu ambiri osokoneza.

Chipolopolo cha rimfire

Chipolopolo chilichonse chamakono chili ndi khoko la mkuwa, wonga wamkati, kachitsulo kakutsogolo kamene kamauluka, ndi mankhwala pang'ono omwe amathetheka akagogodedwa n'kuyatsa wongawo. Pa zipolopolo zikuluzikulu, monga za mfuti zosakira njati kapena za asilikali, mankhwalawo amakhala m'kabatani kapakati kumbuyo kwa khoko. Pa chipolopolo cha rimfire, monga cholowa mu Ruger 10/22 ija, amapakidwa mkati mwa mkombero wonse wa khokolo, ndipo kamsomali ka mfuti kamamenya m'mphepete. Tingayerekeze ndi bokosi la machesi: mankhwala ali m'mbali monse, ndiye paliponse pomwe mwakhwatcha moto umayaka. Kuti mkombero uphwanyike ndi kugogoda kumodzi, mkuwa wake uyenera kukhala wopyapyala, ndipo mkuwa wopyapyala sungapirire wonga wambiri. N'chifukwa chake zipolopolo za rimfire zonse zamasiku ano n'zazing'ono.

Njirayi anaiyambitsa Louis-Nicolas Flobert wa ku France m'chaka cha 1845. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku America inatulutsa chipolopolo cha .22 Short, kenako mu 1887 kampani ya J. Stevens Arms & Tool inabweretsa .22 Long Rifle, chomwe mpaka lero ndicho anthu amatanthauza akangoti "ya .22". Nambalayo ikunena kukula kwa bowo la mpope, pafupifupi mamilimita 5.6. Kachitsulo kake kouluka kamalemera magalamu 2.6 basi, ndipo ka mtundu wamba wowombera chandamale kamatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 330 pa sekondi. Pambuyo pake kunabwera .22 WMR mu 1959 ndi .17 HMR mu 2002, zomwe n'zaliwiro kuposa pamenepo. Pa masewero a Olimpiki, mpikisano wa mfuti wa mamita 50 umachitika ndi .22 Long Rifle, ndipo masewero a biathlon, omwe amaphatikiza kutsetsereka pa chipale ndi kuwombera, anasamukira ku chipolopolo chomwechi mu 1978. Kuchepa kwakeko kusanamize munthu, chifukwa chimapha ndithu, ndipo chikawomberedwa m'mwamba chimatha kukagwa mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka.

Zinthu ziwiri za chipolopolochi zimakhudza nkhani ya chigwiriro. Choyamba, mfuti ya .22 sikankha phewa mwamphamvu ikalira, choncho chigwiriro chake sichifunika kukhala cholimba ngati cha mfuti yosakira nyama zikuluzikulu. Chachiwiri, popeza chipolopolocho n'chochedwa, chimakhala mumpope kanthawi kotalikirapo, ndipo kugwedezeka kulikonse kwa mfuti panthawiyo kumakaonekera pa chandamale.

Ntchito ya chigwiriro

Mfuti yeniyeni ndi chitsulo: mpope, chitsulo chapakati momwe mumalowa chipolopolo, ndi kachitsulo kokoka ndi chala powombera. Nambala ya mfuti, yomwe imalembedwa pa chikalata cha chilolezo, imadindidwa pachitsulopo. Chigwiriro chili ngati mpini wa khasu. Cholima ndi khasu, ndipo mpini watsopano sunola khasu lobuntha, komabe mlimi aliyense amadziwa kuti mpini waufupi umapweteketsa msana, wokhota umapotoza mzere, ndipo wogwedera umatayitsa nthawi pouzika mobwerezabwereza. Chimodzimodzi chigwiriro sichiwonjezera liwiro la chipolopolo, sichitalikitsa mtunda wake, ndiponso sichikonza mpope wodyeka ndi dzimbiri. Ntchito yake ndi kugwira chitsulo pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse mfuti ikalira, ndi kukhazika phewa, tsaya, diso ndi chala cha wowombera pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse akainyamula. Zambiri zomwe otsatsa malonda amalonjeza, mukazisenda bwino, zimathera pa ziwirizi.

M'nthawi ya mfuti za gogodela, mmisiri ankasema chigwiriro cha mfuti iliyonse pachokha. Mafakitale atayamba kupanga mfuti zambirimbiri zofanana, anasankha muyeso umodzi wa munthu wamkulu wamsinkhu wapakati, ndipo aliyense wamtali kapena wamfupi kuposa pamenepo anangozolowera. Malonda a zigwiriro zogula padera anakula chifukwa cha mpata umenewu, makamaka pa Ruger 10/22 yomwe inatuluka mu 1964 ndipo ndi yosavuta kumasula.

Mphako yolowamo chitsulo

Apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Mkati mwa chigwiriro chilichonse muli mphako yogobedwa molingana ndi chitsulo cha mfuti ya mtundu umodzi, yokhala ndi mabowo a masikuluwu, malo a kabokosi ka zipolopolo ndi ngalande yogonamo mpope. Zili ngati batire la foni, lomwe ngakhale litaoneka lofanana ndi lanu silingalowe ngati linapangidwira foni ina. Mawu akuti "cha .22" paokha sanena kanthu, popeza mfuti za .22 zilipo za mitundu yosawerengeka.

Ngakhale dzina la kampani silokwanira. Kum'mwera kuno kwa Africa kuli mfuti zambiri za Brno Model 2 zomwe zinkapangidwa ku Czechoslovakia kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndi zidzukulu zake za kampani ya CZ ya ku Uherský Brod, zomwe ndi CZ 452, CZ 455 ndi CZ 457 yomwe inatuluka mu 2019. Munthu akaziona patali angati n'zamimba imodzi, koma chigwiriro cha 457 sichilandira chitsulo cha 455 kapena cha 452 popanda kuchisema, ndipo ngakhale pakati pa ma 452 okhaokha malo a masikuluwu amasiyana malinga ndi mtundu wake. Marlin Model 60 imasunga zipolopolo m'kapaipi ka kunsi kwa mpope, choncho chigwiriro chake chili ndi ngalande yomwe zinzake zilibe. Pa Ruger 10/22 funso lalikulu ndi kunenepa kwa mpope: wamba umapita ukuonda chakutsogolo, pamene wonenepa wowombera chandamale ndi wa mainchesi 0.920, kapena kuti mamilimita 23.4, kuyambira kumbuyo mpaka kumapeto. Mpope woonda m'ngalande yayikulu umalowa ngakhale umasiya mpata wosaoneka bwino, koma wonenepa m'ngalande yaying'ono sulowa n'komwe.

Makampani ena anapeputsa vutoli mwadala. Tikka T1x ya ku Finland, yomwe inatuluka mu 2018, inapangidwa kuti chitsulo chake chigone m'malo ofanana ndi a mkulu wake T3x, ndipo Bergara B14R ya ku Spain inatengera muyeso wa Remington 700, mfuti ya 1962 yomwe ili ndi zigwiriro zambirimbiri pa msika. Mwini mfuti yakale yosowa, monga ambiri a kuno, kawirikawiri amapeza kuti palibe kampani yomwe ikupangira mfuti yake chigwiriro, ndipo chomwe chamutsalira ndi kukonza chakalecho kapena kupita kwa mmisiri.

Kuyenerana ndi thupi la mwini wake

Miyeso yofunika ndi iwiri. Woyamba ndi kutalika kuchokera pa kachitsulo kowombera kufika kumapeto kwa thako, komwe pa mfuti zambiri za akuluakulu kumakhala pafupifupi masentimita 34. Akale ankayesa poika thako pa chigongono chopinda n'kuona ngati chala chikufika pa kachitsuloko, ndipo njirayi imapereka chithunzi chabe, chifukwa munthu wowombera chogona amafuna chigwiriro chotalikirapo kusiyana ndi woimirira, ndipo jekete ya m'nyengo yozizira ya ku Tsangano imawonjezera masentimita ake. Chigwiriro chikatalikitsa, munthu amasolola khosi ngati tambala wofuna kulira. Chikafupikitsa, amadzipinda ndipo diso limayandikira galasi lochalira mopitirira.

Muyeso wachiwiri ndi msinkhu wa msana wa thako, pamene tsaya limagona, ndipo kwa ine uwu ndi womwe umanyalanyazidwa kwambiri. Mfuti zakale zinapangidwira kuchalira ndi tizitsulo tiwiri tokhala pamwamba penipeni pa mpope, choncho msana wa thako unali wotsika. Munthu akamangapo galasi lochalira, lomwe limakhala masentimita anayi kapena kuposerapo pamwamba pa mpope, diso liyenera kukwera, tsaya limachoka pamtengo, ndipo mutu umangolendewera popanda potsamira. Mutu ukamasuntha pakati pa kuwombera koyamba ndi kwachiwiri, mtanda wa m'galasi ungaoneke ngati uli pa chandamale pamene mfuti yaloza pambali pang'ono.

Kudziyesa n'kosavuta. Mutatsimikiza kuti m'mfuti mulibe chipolopolo ndipo mpope waloza kopanda munthu, tsinzinani, kwezerani mfuti paphewa, gonekani tsaya momasuka ngati pa pilo, kenako tsegulani maso. Ndinaonapo mkulu wina akuchita zimenezi ndi Brno yomwe anaigwiritsa ntchito zaka zambiri: atatsegula maso anapeza akuyang'ana zitsulo zomangira galasi, galasi lenilenilo lili pamwamba pa nsidze. Anadula kachidutswa ka sileya yakale, n'kukamanga pamsana pa thako ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo atayesanso diso linafikira pakati pa galasi. Zigwiriro zodula zomwe zili ndi msana wokwezeka ndi kutsitsika pa sikuluwu, kapena timatabwa towonjezera kumapeto kwa thako, zimachita ntchito yomweyi mwaudongo, ndipo phindu lake limakula ngati mfuti imodzi ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu amisinkhu yosiyana.

Mtengo, mtengo womata, pulasitiki ndi aluminiyamu

Kwa zaka mazana ambiri chigwiriro chinali chamtengo, wodula ukakhala wa walnut, wotchipa ukakhala wa beech kapena birch. Mtengo umagwirika bwino m'manja, sutentha padzuwa, suzizira m'mamawa, ndipo ukasweka kalipentala amatha kuulumikiza. Vuto lake aliyense wokhala m'nyumba ya chitseko chathabwa amalidziwa: mu Febuluwale chitseko chimakana kutsekeka, pofika Okutobala chasiya mpata wolowa buluzi. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma, kenako limauma n'kunyala, ndipo limatero kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi m'litali. Chigwiriro chikafufuma mbali imodzi chimakankha mpope, ndiye mfuti yomwe inkalasa pakati m'chilimwe imayamba kuponya pambali m'dzinja, mwini wake n'kumadzudzula galasi kapena zipolopolo.

Chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri pa nkhaniyi. Mzinda wa Tete ndi madera a m'chigwa cha Zambezi, monga Moatize, Changara ndi Mágoè, ndi otentha ndi ouma, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumagwa mvula yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka zala kuuma. Mfuti yomwe yachoka kumapiri kupita kuchigwa imatha kupezeka masikuluwu ake atakhwepa okha chifukwa mtengo wanyala. Amene amasunga chigwiriro chamtengo amachepetsa vutoli popaka mafuta a linseed kapena vanishi mkati mwa mphako ndi pansi pa mphira wa kuthako, malo omwe fakitale nthawi zambiri imawasiya osapaka ndipo ndi momwe chinyezi chimalowera. Mwa mitengo yathu, mlombwa, womwe m'masitolo a matabwa amautchula kuti umbila, umadziwika kuti sufufuma kapena kunyala kwambiri ukauma bwino, n'chifukwa chake amisiri a mipando amaukonda, ndipo mmisiri wodekha angasemepo chigwiriro chabwino bola thabwalo likhale loumiratu.

Mtengo womata umapangidwa podula timatabwa topyapyala, kawirikawiri ta birch, n'kutimata pamodzi ndi guluu wamphamvu mopanikiza. Asilikali a ku Germany anayamba kuugwiritsa ntchito pa mfuti za Karabiner 98k chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo lero kampani ya Boyds ya ku South Dakota imadziwika ndi zigwiriro zotere, zina zamitundu yowala ngati chitenje. Supindika msanga ndi nyengo, koma ndi wolemera kuposa mtengo wamba.

Pulasitiki inalowa pa mfuti za .22 kalekale. Mu 1959 kampani ya Remington, mothandizana ndi DuPont, inatulutsa Nylon 66 yomwe chigwiriro chake chinali cha nayiloni, ndipo zinagulitsidwa zoposa miliyoni imodzi. Mu 1973 Gale McMillan anayamba kupanga zigwiriro za ulusi wagalasi womata ndi utomoni ku Arizona. Mawu akuti pulasitiki amabisa zinthu zosiyana kwambiri. Chigwiriro chotchipa chamkati mopanda kanthu sichiopa mvula kapena chiswe, koma kutsogolo kwake kumawerama mukachifinya, ndipo mukaimika mfuti pa timiyendo tiwiri tomangirira kutsogoloko chimakhudza mpope. Cha pulasitiki yolimbitsidwa, monga Magpul Hunter X-22 ya Ruger 10/22, n'cholimba kwambiri, pamene za Hogue zimakutidwa ndi mphira kuti zisaterere m'manja a thukuta. Pogula, kufinya kutsogolo kwa chigwiriro ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kumanena zoona kuposa zolembedwa pa katoni.

Mtundu wachinayi ndi uja unaopsa anthu pa chithunzi, chomwe ogulitsa amati chassis: mafupa a aluminiyamu pomwe chitsulo cha mfuti chimamangidwa mwachindunji, kenako n'kulumikizapo thako, chogwirira cha dzanja ndi zina. Njirayi inatchuka ndi kampani ya Accuracy International ya ku England, yomwe mmodzi wa oiyambitsa anali Malcolm Cooper, katswiri yemwe anapambana mendulo zagolide pa mpikisano wa mfuti wa mamita 50 pa Olimpiki ya 1984 ndi 1988. Lero makampani monga MDT ya ku Canada amapanga zoterezi za mfuti za rimfire. Timabowo ndi timizere tomwe timaoneka pamenepo ndi malo omangirapo zipangizo, monga njanji ya Picatinny yomwe inakhazikitsidwa mu 1995 ndi M-LOK ya 2014. Aluminiyamu sasuntha ndi chinyezi, ndipo pafupifupi muyeso uliwonse umasinthika. Kuipa kwake nakonso kuli poyera. Mfuti wamba ya .22 imalemera makilogalamu osapitirira atatu, koma ya mpikisano yomangidwa pa chassis ndi mpope wonenepa imatha kufika kawiri pamenepo, zomwe zimathandiza pa tebulo koma zimalemetsa munthu woyenda wapansi. Ikakhala padzuwa la ku Moatize kwa theka la ola siigwirika ndi dzanja, ndipo mtengo wake nthawi zina umaposa wa mfuti yomwe.

Kugoneka chitsulo ndi kumasula mpope

Mfuti ikalira, mpope umanjenjemera ngati nsambo ya gitala, ngakhale diso silingaone. Chipolopolo chimatuluka mpope uli pakati pa kunjenjemerako, ndipo kuti zipolopolo zigwere pamodzi, kunjenjemera kuyenera kufanana nthawi zonse. Nsambo ikakhudzidwa ndi chala imasintha kaliridwe, ndipo mpope nawo ukakhudza chigwiriro lero mwamphamvu, mawa pang'ono, umasintha koponya. Pofuna kupewa zimenezi, ambiri amakulitsa ngalande kuti mpope usakhudze paliponse kuchokera pomwe walumikizana ndi chitsulo chapakati. Poyesa amatenga ndalama yapepala, kaya ya mametikali 20, n'kuikulunga kunsi kwa mpope ndi kuikokera kumbuyo. Pomwe yakakamira ndi pomwe mtengo ukukhudza.

Mpope ukamasulidwa chotere, kulemera kwake konse kumatsamira pa chitsulo chapakati, choncho chitsulocho chiyenera kugona mokhazikika. Mpando wa miyendo yosafanana pansi posasalala umagwedera ngakhale mutaukhalira mwamphamvu. Amisiri a mfuti amathira guluu wa epoxy m'mphako n'kukhazikamo chitsulo chopakidwa phula kuti chisamatirire, ndipo guluuyo akauma amasiya bedi lofanana ndendende ndi chitsulocho. Ena amaika timapaipi tachitsulo m'mabowo a masikuluwu kuti pomanga mtengo usafinyike. Zigwiriro zambiri zogula padera zimabwera ndi bedi la aluminiyamu lokonzeratu. Masikuluwu a mfuti ya .22 safuna mphamvu za womanga matayala a galimoto: opanga amalemba muyeso wake, ndipo kumanga mopyola kumaphwanya mtengo kapena kudya mazinga.

Pa Ruger 10/22 nkhaniyi ndi yovutirapo. Mpope wake sunapotokoleredwe m'chitsulo chapakati monga pa mfuti zambiri. Umangolowetsedwa n'kugwiridwa ndi kachitsulo kooneka ngati V ka masikuluwu awiri, chitsulo chapakaticho n'cha aluminiyamu, ndipo chonsecho chimamangidwa ku chigwiriro ndi sikuluwu imodzi yokha, kuphatikiza lamba wachitsulo wakutsogolo pa mtundu wamba. Mpope wolemera ukasiyidwa wopanda chouchirikiza umatha kuweramira pansi pang'ono, n'chifukwa chake ena amasiya kamphira kakang'ono m'ngalande koti mpope utsamirepo. Posintha chigwiriro cha mfutiyi pali kanthu kena komwe kamakhumudwitsa oyamba kumene: kabatani kotsekera mfuti kayenera kuikidwa pakatikati, kosatulukira mbali iliyonse, apo ayi kamakola mtengo n'kuukanda, ndipo chitsulo chikatuluka timisomali take topingasa timatha kugwa tokha n'kusowa m'fumbi.

Kaya kusinthako kwathandiza kapena ayi, chimanena ndi pepala. Wodekha amawombera magulu angapo a zipolopolo zisanuzisanu pa mamita 50 asanasinthe, n'kubwereza atasintha, ndi zipolopolo za m'bokosi limodzi, tsiku lopanda mphepo. Mfuti za .22 zimasankha zipolopolo ngati mwana wosankha ndiwo, ndipo kusiyana kwa mitundu iwiri ya zipolopolo nthawi zambiri kumaposa kusiyana kwa zigwiriro ziwiri.

Lamulo ndi njira yofikitsira katundu

M'dziko la Mozambique kukhala ndi mfuti, kuinyamula ndi kuilowetsa m'dziko zimayendera malamulo a Regulamento de Armas e Munições omwe anavomerezedwa ndi Decreto 8/2007, ndipo zilolezo zimadzera ku polisi ya PRM yomwe ili pansi pa Unduna wa Zam'kati. Kukhwima kwake kuli ndi mbiri. Nkhondo itatha mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu ndi m'maenje a m'tchire, moti mu 1995 Bungwe la Mipingo Yachikhristu la Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Kusaka nyama nako kuli ndi chilolezo chakechake pansi pa malamulo a zachilengedwe omwe ANAC, bungwe la boma loona za malo otetezedwa, limayang'anira, ndipo chilolezo cha mfuti pachokha sichipatsa munthu ufulu wosaka, makamaka m'madera otetezedwa monga paki ya Mágoè yomwe inakhazikitsidwa mu 2013.

Zigwiriro zambiri zimapangidwa ku America, Canada ndi ku Ulaya. Dziko la America limayang'anira katumizidwe ka zipangizo za mfuti kunja, ndipo masitolo ambiri a pa intaneti a kumeneko satumiza n'komwe ku Africa. Kwa munthu wa ku Ulónguè, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete, osanena za Maputo, ndiye mtima ungamuuze kuti angodutsa nacho chigwiriro pa Calómuè kapena pa Zóbuè m'chikwama. Koma kwa wa kasitomu, chinthu chooneka ngati theka la mfuti si katundu wamba, ndipo kufunsa ku polisi ndi ku kasitomu musanalipire, n'kupeza yankho lolembedwa, kumatsika mtengo kuposa kulandidwa katundu pachipata.

Zomwe anthu sanamvanebe

Pakati pa owombera okhaokha, nkhani yomasula mpope wa .22 sinathe. Ena amati mpope uliwonse uyenera kukhala wosakhudza kanthu, ena amaonetsa mapepala a mfuti za mpope woonda zomwe zinayamba kulasa bwino zitaikiridwa kotsamira kutsogolo, ndipo mbali zonse zili ndi umboni wake wochokera ku mfuti zosiyana. Palinso kusamvana pa gwero la phindu: munthu akagula chigwiriro chatsopano n'kuyamba kulasa bwino, kodi ndi chitsulo chomwe chakhazikika, ndi mutu wake womwe wapeza potsamira, kapena wangoyamba kuyeserera kawirikawiri chifukwa chosangalala ndi chinthu chatsopano? Kulekanitsa zitatuzi n'kovuta popanda kumangirira mfuti pa chipangizo chochotsa dzanja la munthu.

Funso la ndalama nalo lili ndi mayankho awiri. Ena amati ndalama yogulira chassis ingagule zipolopolo zoyeserera chaka chathunthu kapena galasi labwino, pamene ochita mpikisano amati pakafika pena, mfuti yosasinthika miyeso imamuletsa munthu kupita patsogolo. Kwa eni ake a Brno zakale pali funso lina: kuchotsa kapena kusema chigwiriro choyambirira kumatsitsa mtengo wa mfutiyo kwa osonkhanitsa zakale, pomwe kuchisiya momwe chilili kumatanthauza kupirira msana wotsika ndi mtengo wosuntha ndi nyengo.

Ndiye pali nkhani ya maonekedwe yomwe tinayamba nayo. Maiko amasiyana pa kaonedwe kake: ena amayang'ana mmene mfuti imagwirira ntchito basi, ena amawerengeranso kutalika kwa mfuti yonse, thako lopindika kapena chogwirira cha dzanja, poti thako lopindika limafupikitsa mfuti n'kuipangitsa kubisika mosavuta. Mwini mfuti wa kuno ayenera kumva kuchokera kwa omwe anamupatsa chilolezo ngati kusintha chigwiriro kukuwerengedwa kuti ndi kukonza chabe kapena kusintha mfuti yolembedwa m'kaundula. Ndipo ngakhale mapepala onse atakhala m'malo, sizidziwikiratu kuti wapolisi wa pamsewu wa ku Zóbuè, kapena mfumu ya m'mudzi momwe muli anthu okumbukira nkhondo ija, adzaiona bwanji .22 yovala zakuda ikamatsitsidwa m'galimoto.